Maulendo Sikisi a pa Khadi la Princess

A Zakeyu Kamphambale ndi asuweni anga, ndiye musandifunse kuti chilolezo chowanena ndachitenga kuti. Bambo awo ndi mayi anga anabadwa mimba imodzi. Kwathu kuno msuweni ukhoza kumunyoza pamaso pa apongozi ake, iye n'kungoseka. Iwo amanditchula mkazi wanga wamng'ono, ine ndimati amuna anga osagula chitenje, chifukwa zaka zonsezi sindinalandireko ngakhale kampango ka kumutu. Ndine Tabeth, ndimagulitsa kaunjika pa msika wa pa Mchinji boma. Nkhaniyi eni ake andilola kuinena, atandinenerera kaye kuti ndichotsemo theka. Sindinachotsemo kanthu.

Anabadwira kwa Mavwere. Sukulu analekezera Sitandade 6 atasemphana ndi aphunzitsi a masamu, amene ankaumirira kuti yankho ndi limodzi pamene iwo ankaona kuti n'zokambirana. Anayamba ndi kusinthanitsa mchere ndi mtedza m'midzi, kambale ka mchere mbale ya mtedza, mpaka anagula sikelo. Zaka makumi atatu tsopano akupachika sikelo imeneyo pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, kugula mtedza ndi soya kwa alimi. Sindinena kuti sikeloyo imaba. Ndingoti mwana wanga atabadwa, kuchipatala anati makilo atatu, koma pa sikelo ya asuweni anga anapezeka kilo imodzi ndi theka, thewera ndi zonse. Ndi munthu wamtali, wowonda, wa jekete limodzi labulauni limene amavala pa zinthu zazikulu zokha.

Chimene amadziwika nacho boma lonse ndi kunenerera. Munthu uyu mtengo woyamba amauona ngati moni chabe. Mu minibasi amati achotseredwe poti satenga malo. Bambo awo atamwalira ananenerera bokosi mpaka kalipentala analira kuposa ife anamfedwa, pomaliza anapempha misomali ya basela. Ngakhale ukwati wawo anaunenerera. A Consolata anawapeza kwa Dambe akuimba kwaya, ndipo mwa mwambo anayenera kukakhala chikamwini kwa apongozi zaka ndithu. Iwo analima munda wa apongoziwo dzinja limodzi, n'kukhala nawo pansi masiku awiri, lachitatu anabwera ndi mkazi kwa Mavwere. A Consolata ndi munthu wosayankhula zambiri, wa nkhuku zake ndi munda wake wa mtedza, ndipo ine ndimawatchula mkazi mnzanga.

Ntchito yawo yachiwiri inali unkhoswe. Apa ndiwayamike, pakamwa Mulungu anawapatsa. Banja likagwedezeka kwa Mavwere, kwa Zulu, mpaka kutsidya ku Chipata, anthu ankati kaitaneni bambo a Mateyu. Lamulo lawo linali limodzi: mwini mlandu sayankhula. Mwamuna akafuna kutsegula pakamwa, iwo ankangokweza dzanja. "Inu khalani chete, mwaitana ife. Munthu wamkulu sanena yekha za m'nyumba mwake, amawononga." Mabanja ambiri alipo lero chifukwa cha dzanja limenelo, ena mwa iwo osangalala ndithu.

Mateyu anali mwana wawo woyamba. Kuyambira tsiku limene anabadwa, dzina loti Zakeyu linatsalira pa chiphaso. Aliyense ankati bambo a Mateyu, ndipo a Consolata anasanduka mayi a Mateyu. Pambuyo pake panabadwa Princess, wanzeru za sukulu, amene pano amagwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe. Mateyu sukulu inamukana ngati bambo ake, koma anali munthu woseka, wokonda nyimbo. Ali ndi zaka 27 anapempha njinga yamoto kuti aziyendetsa kabaza kuchokera pa boma kupita ku boda. A Zakeyu anapita okha ku Chipata kukagula yoti ena anakwerapo kale, ndipo atabwera tinamva za mtengo wake sabata yathunthu. Akuti Mzambiya wogulitsayo anatsala pang'ono kuwapatsa ulere.

Patapita miyezi inayi, Mateyu pozemba thiraki pa msewu wa ku boda anagwa n'kumenyetsa mutu pa phula. Anamwalira asanafike naye kuchipatala.

Pamaliro a Zakeyu sanalire. Zimenezo sitinadabwe nazo, amuna a kuno amalirira m'mimba. Tinadabwa patapita sabata, atagulitsa njinga ija kwa munthu woyamba kufunsa, pa mtengo woyamba kutchulidwa. Ndinati apa pali chinthu. Kenako anachotsa chithunzi cha Mateyu pa khoma, n'kulamula kuti dzina la mwanayo lisamvekenso pakhomo pawo. Ukawapatsa moni kuti bambo a Mateyu, ankakuyang'ana ngati wawatukwana. Akazi awo anayamba kuwaitana kuti "inu", basi, ngati munthu wokumana naye pa depoti. A Zakeyu tulo tinawathawa, malaya anayamba kuwakulira, alimi anayamba kuwalambalala chifukwa cha ukali. Chaka chitatha abale tinati timange chiliza pa manda. Iwo anati simenti yakwera, chonsecho sanapite n'komwe kukafunsa mtengo.

A Consolata anapirira chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri. Tsiku lina m'mawa anadutsa pa benchi yanga atanyamula chikwama. Anati, "Mkazi mnzanga, ndikupita kwa Princess. Mwana ndinamuika m'manda kamodzi, koma m'nyumba muja ndikumuika tsiku ndi tsiku. Akadzatha kunditchula dzina langa loti mayi a Mateyu ndidzabwera." Ndinamva chisoni, komanso ndinapsa mtima ndi asuweni anga, moti tsiku limenelo ndinakalipira makasitomala osalakwa. Ankhoswe a banjalo anayesa kawiri kuikamba nkhaniyi, koma chalaka bakha nkhuku singatole. A Zakeyu anawagonjetsa onse pa mfundo, poti unkhoswewo anauphunzira kwa iwo omwe.

Ndiye Princess anabwera ndi nzeru za m'tauni. Kuntchito kwake ali ndi inshuwalansi ya chipatala, ndipo makolo ake anawalembetsa, aliyense ndi khadi lake. Anamva kuti pa kachipatala kena ka pulaiveti pa boma pamabwera dokotala wa maganizo Lachinayi lililonse, amene sapereka mankhwala koma amakhala nawe pansi n'kumakumvetsera. Anaimba foni ine ndili pomwepo, ndipo ndinamva zonse chifukwa asuweni anga foni amaika pa laudi, makutu ayamba kuvuta.

"Ine wamisala?" anatero a Zakeyu.

"Ayi adadi, si za misala. Amathandiza munthu amene mtima wake walemedwa."

"Ndilipire munthu kuti andimvere? Ine anthu amandipatsa nkhuku kuti ndiwayankhulire."

"Kuchipatala cha boma thandizo lotere liliponso, laulere."

"Kuti ndikakhale pa mzere, alimi onse a kwa Mavwere azindiloza? Iyayi."

Mwana uja bambo ake amawadziwa. Anangoti, "Chabwino adadi. Koma ndalama ya inshuwalansi amandidula pa malipiro mwezi ndi mwezi, mupite musapite. Chaka chikatha musanagwiritse ntchito, yapita."

A Zakeyu anafunsa, "Sabweza?"

"Sabweza."

Kuchoka kwa mkazi wawo sikunawadzutse pa mpando, koma izi zinawadzutsa. Anafunsa kuti chipatalacho chimatsegula nthawi yanji.

Munthu ungaganize kuti ukangoonetsa khadi chitseko chimatseguka. Ayi ndithu. Poyamba panafunika kalata ya dokotala wamba yonena kuti munthuyu akufunikadi thandizo lotere. Dokotalayo anawayeza BP, anawafunsa za tulo ndi za chakudya, iwo n'kumayankha kuti zonse zili bwino. Anayang'ana lamba wawo, amene anali ataboola mabowo awiri atsopano ndi msomali, n'kulemba kalatayo. Inatumizidwa kwa a inshuwalansi kuti avomereze, ndipo yankho linatenga masiku naini. Litabwera, mtsikana wa pa kauntala anawawerengera. Maulendo ndi sikisi pa chaka, ulendo umodzi mphindi fifite, mtengo wake K40,000. A inshuwalansi azilipira K32,000, yotsalayo, imene amati shotifolo, azilipira okha. Akalephera kubwera osanena tsiku lisanafike, ulendowo uwerengedwa kuti watha.

Amene anayeza kuti chisoni cha munthu chimatha pa maulendo sikisi, ndikufuna ndidzaone sikelo yake, mwina ndi m'bale wa ya asuweni anga. Komabe ndinangoti tithokoze, poti ambiri kuno alibe Princess. Ndinapita nawo tsikulo chifukwa anati maso awo saona zilembo zing'onozing'ono, ndipo manyazi amene ndinachita sindidzawaiwala.

"Eyiti sauzande ndiye woyamba," anatero kwa mtsikana uja. "Womaliza?"

"Ndi womwewo, bambo."

"Nanga ndikapikula onse sikisi lero lomwe?"

"Sizitheka, ndi kamodzi pa sabata."

"Ndikayankhula mofulumira n'kumaliza pa mphindi twente-faifi?"

"Ndi womwewo."

"Jakisoni alipo?"

"Palibe."

"Ngakhale timapiritsi ta mutu ta basela?"

Mtsikanayo anayang'ana ine ngati akupempha thandizo. Ine ndinayang'ana kudenga.

Lachinayi loyamba anavala jekete labulauni. Kwa anzawo a pa sikelo anati akukachotsa dzino, ndipo analowera khomo la kumbuyo. Kuno n'kodabwitsa. Munthu akhoza kukoka mbuzi masana dzuwa likuswa mtengo kupita nayo kwa sing'anga kuti amuuze amene akumulodza, anthu n'kumamupatsa moni. Koma akati akufuna kudziwa chimene chikumudya mumtima mwake, amazemba ngati waba. Atatuluka anabwera molunjika pa benchi yanga.

Dokotala wa maganizo uja anapezeka kuti ndi Rashida, mwana wa a Fadili a shopu ya hadiweya, amene a Zakeyu anamuona akukwawa pakati pa matumba a simenti. Pano anaphunzira mpaka ku yunivesite. Anamufunsa kaye ngati zimene anganene pofika madzulo zikhala zili pa kauntala ya bambo ake. Iye anawauza kuti za m'chipindamo zimathera momwemo, ngakhale Princess wolipirayo sauzidwa, pokhapokha moyo wa munthu utakhala pangozi. Atakhutira, anamufunsa ngati ali pa banja. Mphindi zotsalazo anamulangiza za kasankhidwe ka mwamuna.

"Mwana wabwino," anandiuza. "Amamvetsera. Kunena zoona, wolipira anayenera kukhala iyeyo."

Ulendo wachiwiri unathera pa mtengo wa soya ndi mmene mavenda a masiku ano akuwonongera msika. Chakumapeto Rashida anangoti, "Bambo, za soya ndamva. Sabata yamawa ndikufuna ndimve za kunyumba." Apa ndi pamene asuweni anga anazindikira kuti uku si kucheza, ndi mlandu. Ndipo pa mlandu munthu wamkulu sapita wopanda nkhoswe.

Amuna anzawo sakanawapempha, manyazi. Anabwera kwa ine. Ndinakana, ndinati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anati, "Tabeth, chibadwire ndinakupemphapo chiyani?" Ndinati mchere, ndalama ya minibasi, ndi wilibala imene sinabwerebe mpaka lero. Koma nditayang'ana khosi lawo mmene linkasambira m'kolala ya malaya, ndinafunditsa katundu wanga pa benchi n'kunyamuka.

Chipindacho n'chaching'ono, mipando itatu, wotchi pa khoma, ndi bokosi la matishu pa tebulo. A Zakeyu analoza bokosilo n'kundinong'oneza kuti lili mu mtengo, nditengeko. Rashida, mtsikana wofatsa wa mpango wake wa Chisilamu, sanadabwe kundiona. Anafunsa a Zakeyu ngati akulola kuti ndimve zonse, iwo anati ine ndiye pakamwa pawo.

Ndinayamba mwa dongosolo lake, mmene ndinkawamvera iwo pa milandu. Ndinaomba m'manja. Ndinati tabwera ndi mawu, si athu, ndi a bambo ali apawa. Ndinafotokoza za ngozi, za tulo, za mkazi mnzanga amene ali ku Lilongwe. Ndinayankhula bwino, ndisaname, moti a Zakeyu ankagwedeza mutu ngati akumva za munthu wina womvetsa chisoni kwambiri.

Rashida anafunsa, "Bambo, m'mawa mukadzuka mumamva bwanji?"

Iwo anatembenukira kwa ine. "Auzeni."

"Amamva kulemera," ndinatero.

"Kulemera pati, bambo?"

"Auzeni."

Ndinati pamtima, ngakhale ndinkafuna kunena kuti m'mutumo muli mwala.

Kenako anafunsa mofatsa, "Mwana wanuyo dzina lake anali ndani?"

Ndinatsegula pakamwa. Dzanja linakwera, lomwe lija la pa milandu, ndipo ndinatseka. Rashida sanafunsenso, sanatithandizenso. Tinakhala anthu atatu kumvetsera wotchi. Ine kukhala chete kumandiyabwa, moti ndinatuluka thukuta. Nthawi itakwana a Zakeyu anadzuka, nati mlandu wayenda bwino.

Sabata yotsatira kunagwa mtedza wambiri pa sikelo. Anabwera m'mawa kudzandisiyira khadi, nati ndipiteko ndekha poti nkhani ndikuidziwa, nkhoswe yeniyeni sifuna kuperekezedwa. Ndinapita, chitsiru ine. Mtsikana wa pa kauntala anayang'ana chithunzi cha pa khadi, anayang'ana ine, nati khadi si khasu lobwerekana. Poti bambo sananene kuti sabwera, ulendo wachinayi watha, ndipo shotifolo alipira ndithu.

Ndinapita pa mango paja mtima ukutentha. Ndinawapeza akukangana ndi mlimi pa theka la kilo, ndinawakokera kuseri kwa matumba.

"Amuna anga, lero mwataya fote sauzande osagula kanthu. Atsala maulendo awiri. Akatha amenewo muzilipira yonse nokha, apo ayi mudikire Januwale. Mkazi wanu akukalambira ku Lilongwe, akusesa pakhomo pa mwana ngati wantchito. Mwalunzanitsa mabanja a eni boma lonseli, lanu likuola inu mukuyeza mtedza. Mukuopa chiyani? Kamtsikana ka a Fadili?"

Ndinkayembekeza kuti andilalatira. Anangoyang'ana sikelo, nati, "Iwe sudziwa, Tabeth."

"Ndiuzeni ndidziwe."

Anabwerera kwa mlimi uja n'kumulipira theka la kilo ankakanganiralo.

Ulendo wachisanu tinalowa awiri. Ndisanaombe m'manja Rashida anati, "Mayi, ntchito yanu mwagwira bwino, zonse zimene munauzidwa mwanena." Kenako anatembenukira kwa iwo. "Bambo, unkhoswe mumaudziwa ndinu kuposa ine, ndiye mundiphunzitse. Nkhoswe imanena zimene yauzidwa. Nanga zimene sinauzidwe, amanena ndani?"

A Zakeyu anayang'ana wotchi, anayang'ana matishu, nati, "Tabeth, kadikire panja."

Anandichotsa ntchito popanda ngakhale nkhuku. Ndinakhala pa benchi ya panja mphindi fifite, makutu tcheru, osamva kanthu. Atatuluka ndinafunsa kuti zayenda bwanji. Anati iwo sananene kanthu, mwanayonso sananene zambiri. Ndinati, "Eyiti sauzande kugula chete, chinthu choti kunyumba kwanu chadzaza mpaka kudenga?" Koma ndinaona kuti ndalamayo anapereka osadandaula.

Ulendo womaliza wa pa khadi ndinawaperekeza osapemphedwa. Zimene zinanenedwa m'katimo sindinazimve, chitseko chake n'chokhuthala, ndinayesa ndithu. Patapita nthawi ndinamva phokoso, poyamba ndinayesa wina akukoka mpando. Nditazindikira kuti ndi asuweni anga, akulira kulira kwa munthu woti anaiwala kalilidwe, ndinachoka pa benchi n'kukaima pabwalo. Zinthu zina ngakhale msuweni sayenera kumva. Ndinalira nanenso, pafupi ndi mpope, n'kumanamizira kusamba m'manja.

Anatuluka maso ali psuu, nati fani ya m'chipindamo ili ndi fumbi. Anapita pa kauntala. Mtsikana uja anali atakonzekera kale nkhondo. Anawauza kuti a inshuwalansi afika pamapeto, kuyambira pano ndi K40,000 yonse mpaka chaka chatsopano. Anawonjeza kuti adokotala ati akhoza kumabwera kamodzi pa sabata ziwiri kuti zipepuke, kapena awalembere kalata yopita kwa anzawo a kuchipatala cha boma.

"Lachinayi likubwerali," anatero a Zakeyu. Anatulutsa ndalama za mtedza m'sokosi, anawerenga, napereka. Mtsikanayo anadikira, inenso ndinadikira. Sanafunse womaliza. Aka kanali kachiwiri chibadwire kuti mtengo woyamba uwakwanire, koyamba kanali ka njinga ija.

Anapitako maulendo ena atatu a m'thumba mwawo. Sindinganene kuti anasanduka mngelo, sikelo inali yomwe ija. Koma anayambanso kudya, ndipo tsiku lina ndinawapeza akugona masana pa matumba a soya, mkonono ukumveka mpaka ku chigayo. Loweruka lina anandiuza kuti ndivale bwino, tikupita ku Lilongwe kukapempha mkazi, ndipo nkhoswe ndine. Mawu ndinawakonza njira yonse. Pofika pa Namitete n'kuti ndapeza miyambi itatu yoti ikanagwetsa misozi ngakhale kwa wapolisi wa pa msewu.

Kwa Princess tinakhala pabalaza. A Consolata anakhala pa mpando wa pakona, atanenepako pang'ono, zimene zinandipweteka m'malo mwa asuweni anga. Mlongo wawo, nkhoswe ya kuchikazi, analiponso. Titapatsana moni ndinaomba m'manja, ndinati tabwera ndi mawu, si athu.

Dzanja linakwera.

"Tabeth, khala chete."

Mlongo uja anayang'ana ine modabwa, poti lamulo loti mwini mlandu sayankhula analiphunzira kwa omwewa. A Zakeyu anatsika pa sofa n'kukhala pansi pa simenti, jekete ndi zonse.

"Mayi a Mateyu," anatero.

Princess anagwira pakamwa. A Consolata sanasunthe.

"Tsiku lija ku Chipata, mwini njinga ankagulitsa pamodzi ndi helemeti. Ndinati achotse helemetiyo kuti mtengo utsike. Anati, bambo, mwana wanu adzaifuna iyi. Ndinamuseka, ndinati mutu wa mwana wanga ndi wolimba ngati wa bambo ake. Ndalama imene ndinapulumutsa sinkakwana thumba la soya, ndipo ndinabwera kumudzi kumadzitama nayo sabata yathunthu. Mateyu ndinamupha ndine. Ndikamva dzina lake ndimaona helemetiyo ili pa tebulo la Mzambiya uja. Inali yofiira."

A Consolata anawayang'ana m'maso. Poyankhula mawu anali otsika, koma mkwiyo unkamveka.

"Za helemeti ndinazidziwa tsiku lomwelo. Mateyu anandiuza akuseka, anati adadi agulitsa mutu wanga ku Chipata. M'mawa mwake ndinagulitsa nkhuku zinayi, ndinamupatsa ndalama kuti akagule ina pa boma. Iye anakagula sipika ya nyimbo yomangirira pa njinga. Ndinamukalipira pang'ono, kenako ndinavina nayo pakhonde. Ndinati tigula mwezi wamawa." Anapuma kaye. "Inu mwasenza helemeti, ine ndasenza sipika, nyumba imodzi, bedi limodzi. Kangati ndinafuna kukuuzani? Koma nkhaniyo ndikanaiyamba bwanji, dzina mutaletsa?"

A Zakeyu, munthu amene anagonjetsa ankhoswe a maboma awiri, anasendera pafupi. Anawerama n'kugwira mapazi a mkazi wawo. Mlongo uja anatuluka panja kukayang'ana galimoto ya eni. Ine miyambi yanga itatu ndinabwerera nayo, palibe anaifunsa.

Mkazi mnzanga sanavomere msanga, ndipo ndinamukonda chifukwa cha zimenezo. Anati chithunzi chibwerere pa khoma tsiku lomwelo. Chiliza chimangidwe mvula isanayambe, dzina lilembedwe lonse, kaya simenti yakwera kaya yatsika. Ndipo iwonso akufuna akaonane naye mwana wa a Fadiliyo, poti sipika ija siinatsike pamutu pawo. Princess anati palibe vuto, khadi la amami lili ndi maulendo ake sikisi, osakhudzidwa. Mutu wa asuweni anga unadzuka pang'ono, misozi ili mbwembwembwe, n'kufunsa ngati angathe onse chaka chisanathe.

Dzuwa litapendeka tinakwera minibasi ya ku Mchinji anthu atatu, chikwama chija a Zakeyu atachiika pamiyendo. Kondakitala atatchula mtengo ndinawamva akukonza kukhosi, n'kuyamba kufotokoza kuti anthu atatu ndiye kupikula, komanso mmodzi wa ife satenga malo. A Consolata sanatembenuke n'komwe, maso anali pa windo.

"Bambo a Mateyu, lipirani."

"Ee," anatero. Analipira, ndipo chenji anawerenga kawiri.